Kadontho kakaima pa mapu

Amene mumayenda mumsewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu mukudziwa kuti pali malo ena pamene msewu womwewo ndiwo malire a dziko. Pa Lizulu ndiye posachita kufunsa. Kum'mawa kwa tala ndi Malawi, kumadzulo ndi Mozambique, ndipo amayi ogulitsa kabichi ndi anyezi amadutsa malire amenewa kambirimbiri pa tsiku, beseni lili pamutu, popanda wowafunsa chiphaso. Ndiye lole yochokera ku Ntcheu yolowera ku Dedza ikangopatukira kumanzere kuti dalaivala agule tomato wa kunyumba, matayala ake aponda kale dothi la eni. Nthawi yomweyo pa kompyuta ya ku ofesi kwathu pamatuluka uthenga wofiira wakuti galimoto yatuluka m'dziko. Uthenga womwewo umapitanso pa foni ya eni kampani, ndipo masiku oyambirira foni yanga inkalira ndisanamalize n'kuwerenga komwe: "Mayi, lole yathu ikutani ku Mozambique?"

Ikugula tomato, bwana.

Amene anatiikira ma tracker, tizipangizo tosonyeza pamene galimoto ili, anali atajambula mpanda wosaoneka potsatira malire a dziko ndendende, ali pa desiki ku Lilongwe. Tinachita kuwapempha kuti ausunthe pang'ono kulowera kumadzulo kuti tipume.

Ndimagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono pano pa Dedza boma. Mvula ikayandikira timagulitsa feteleza ndi mbewu, nthawi yokolola timagula soya, nyemba ndi chimanga m'midzi n'kukatula ku Kanengo kapena ku Blantyre. Ntchito yanga ndi kugawa maulendo, kulemba mafuta, ndiponso, chiikireni ma tracker m'magalimoto, kuyang'anira timadontho toyenda pa mapu. Madalaivala amakatcha kachipangizoka kazitape, ndipo popeza kazitapeyo salankhula yekha, amene amaoneka wamiseche ndine. Ndinene poyambirira kuti ine tracker sindidana nayo. Ndikanakhala ndi lole yangayanga ndikanaiika mawa lomwe. Chimene chimandivuta ndi mmene timaiwerengera. Timatsegula tsamba limene likuneneza dalaivala, limene likumuikira kumbuyo osalitsegula, chonsecho masamba onsewa akuchokera m'kabokosi kamodzi.

Anthu ambiri, ngakhale mabwana amene amalipira zinthuzi mwezi ndi mwezi, amaganiza kuti kumwambako kuli diso limene likuyang'ana galimoto yawo. Kulibe. Masetilaiti a GPS saona kanthu. Amazungulira dziko kawiri pa tsiku ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo ntchito yawo ndi kulengeza mosalekeza kuti ali pati komanso kuti nthawi ili bwanji. Kabokosi kobisidwa kuseri kwa dashibodi ndiko kamamvetsera. Kakamva masetilaiti anayi kapena kuposerapo, kamawerengera nthawi imene uthenga wa iliyonse watenga kuti ufike, n'kudziwa pamene kali. Eni ake a zonsezi ndi asilikali a ku America, amene anaponya setilaiti yoyamba mu 1978 n'kudzalengeza mu 1995 kuti dongosolo la masetilaiti 24 lakwanira. Mpaka mwezi wa May 2000 iwo ankasokoneza dala uthenga umene anthu wamba ankalandira, moti malo ankatha kuphonyeka ndi mamita 100, ndipo pulezidenti Bill Clinton ndiye analamula kuti aleke. Zikanakhala kuti zikadali choncho, bwenzi lole iliyonse yodutsa pa Mlangeni ikuoneka ngati ikulima ku Angónia, ku Mozambique. Lero kuphonya kwake ndi mamita owerengeka chabe.

Kuti kabokosiko katiuze ife pamene kali, kamadalira SIM khadi ya Airtel kapena TNM ngati foni ina iliyonse, ndipo pamene foni yanu imataya netiweki nakonso kamakhala chete. Potsika Khwekhwelere kuchokera pa Masasa kulowera ku Golomoti, m'makhwawa a kumidzi kumene timakagula soya, ngakhalenso m'malire momwemu pamene foni imathawira ku Movitel kapena Vodacom za ku Mozambique, kadontho kamauma pamalo amodzi. Galimoto ikuyenda, pa mapu yaima. Kabokosi kamakhala kakusunga zonse, ndipo netiweki ikabwera kamakhuthula kamodzin'kamodzi, njira yonse n'kuonekera. Koma bwana amene anasuzumira pa foni nthawi imene kadontho kanali kouma waona kale zimene waona, ndipo waimba kale kukalipa. Wozolowera amayamba wayang'ana nthawi imene uthenga womaliza unafika asanatsegule pakamwa.

Tsono eni magalimoto ali ndi chifukwa, tisawanamizire. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mizere ya pa filing'i itasanduka chinthu cha masiku onse, dizilo wa m'thanki ya lole anakhala ndalama yoyenda nayo. Aliyense wa mumsewu uno amadziwa malo amene zigubu zimadikirira kuseri kwa nyumba usiku. Dalaivala amene sanalandire alawansi amadziuza kuti mbuzi imadya pamene aimangirira, n'kutulutsa kapaipi. Kale zimenezi zinkangothera m'kukangana. Bwana akuti mafuta anali okwana kupita ndi kubwera, dalaivala akuti katundu anali wolemera ndipo zitunda za ku Dedza zimamwa. Buku la maulendo linali m'manja mwa dalaivala yemweyo, cholembera chake chomwe. Panalibe wogamula.

Pano m'thanki mumalowetsedwa kandodo koyeza mafuta, kolumikizidwa ku tracker, ndipo pa kompyuta pamatuluka mzere. Mzere umenewu ndimaukonda, chifukwa ukauzolowera umakamba nkhani yonse. Lole ikamayenda umatsika pang'onopang'ono. Ikathira mafuta umadumphira m'mwamba. Ikaima injini itazima umangogona. Ndiye ukaona wagona bwinobwino kuyambira 9 koloko usiku, kenako cha m'ma 1 koloko wagwa ndi malita 40 m'mphindi khumi, injini ili zii, palibenso chopitira kwa sing'anga. Chimodzimodzi risiti ikanena malita 100 koma mzere wakwera ndi 80 okha: apo dalaivala ndi wothira mafuta agawana. Komatu mzere womwewu umanama ukapanda kuusamala. Pa chitunda mafuta amathamangira mbali imodzi ya thanki, m'mabampu amakhutchumuka, ndipo mzere umanjenjemera. Thanki ya lole si bokosi lolingana bwino ayi, choncho poika kandodoko amayenera kukhuthula thanki yonse n'kumathira malita oyeza pang'onopang'ono, akulemba. Amisiri othamanga amalumpha zimenezi, ndipo malita 10 "osowa" amene dalaivala adulidwe pa malipiro amatha kukhala ulesi wa munthu amene anabwerera kale kwawo.

Matola nawo amaoneka, ngakhale tracker siwerenga anthu. Lole yopanda katundu ikaima mphindi imodzi pa Bembeke, ina pa Masasa, ina pa Lizulu, ina pa Mlangeni, ina pa mphambano ya ku Tsangano, simufunika kuuzidwa kuti yalowa ntchito ya minibasi. Apa sindiikira kumbuyo aliyense. Lole ya katundu ikagubuduzika ndi anthu pamwamba, a inshuwalansi amasamba m'manja, maliro ndi milandu n'kutsalira kampani.

Vuto limayamba tikaiwala kuti kadontho kamangonena pamene galimoto ili ndi nthawi imene yafikapo. Chimene yaimira sikachidziwa. Kuima kwa ola limodzi pa Ntcheu boma kungakhale kumwa mowa, kungakhale mzere wa dizilo, kungakhalenso apolisi apamsewu atagwira laisensi. Kuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wapansi kungakhale nkhungu ya m'mawa wa June pa Bembeke, imene suona ngakhale ng'ombe ili pamphuno, kapena masamba oyalidwa pamsewu osonyeza kuti pali maliro. Injini yolira galimoto itaima, imene lipoti limaitcha kuwononga mafuta, nthawi zambiri ndi dalaivala amene akuopa kuzimitsa chifukwa batire linatha kalekale, analinena ku ofesi, ndipo akudziwa kuti kumudzi kumene ali kulibe womukankha lole yodzaza. Lipoti lilibe malo olembapo batire.

Tsiku lina pikapu imene inapita kukatenga matumba a nyemba inapatuka njira ndi makilomita angapo n'kukaima pa kachipatala kena ka kumudzi. Woyendetsa anali bambo achikulire, amene anayamba kugwira chiwongolero ine ndisanabadwe. Atabwera ndinawaitana, pepala lili m'manja.

"Madala, apa mumatani? Njira yanu sinali imeneyi."

Analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali, akulitembenuza.

"Mayi, ndinapeza mzimayi wapakati, matenda atayamba, amuna ake akumukankha pa njinga mvula ili pamsana. Inuyo mukanaliza hutala n'kudutsa?"

"Sindikanadutsa. Koma mukanaimba foni."

"Ndi mayunitsi a ndani, mayi?"

Kampani inali itagula ma tracker a ndalama zambiri, ikulipira mwezi uliwonse, koma inali isanaganizepo zopatsa dalaivala mayunitsi oti anenere chimene chachitika panjira. Pano tinagwirizana kuti zoterezi zikachitika azingoflasha, ine ndiimbe, ndilembe pambali pa ulendowo nthawi yomweyo. Kodi alipo amene angalowere pa mpata umenewu kuti aname? Alipo ndithu. Koma bodza lobwerezabwereza limaonekera pa mapu omwewo, pakuti amayi apakati sapezeka pa bala imodzimodzi Lachisanu lililonse.

Nkhani ya liwiro ndiyo imandiseketsa mowawa. Tinaika kuti lole ikapitirira makilomita 80 pa ola, lipoti lizilemba mlandu. N'zoyenera. Msewu uwu wadya anthu ambiri, makamaka pa misika monga Chimbiya, Lizulu ndi Kampepuza, pamene anthu, njinga za kabaza ndi mbuzi zimakhala pa tala penipeni. Koma bwana yemweyo amene anasaina lamulo la 80 ndi amene amaimba 2 koloko masana, lole ikungomaliza kupakira pa Dedza, kuti katundu afike ku Blantyre asanatseke geti 5 koloko. Ndi ulendo wa makilomita opitirira 200, wodutsa pa marodibuloko, m'misika momwe zikwangwani zimati 50, komanso pa tollgate ya Chingeni imene inatsegulidwa mu 2021. Masamu ake sakwana. Dalaivala amangosankha mlandu umene aupalamule, wa tracker kapena wa bwana. Kawirikawiri amasankha wa tracker, chifukwa tracker siikalipa pa foni. Kenako Lolemba ndimalamulidwa kuti ndimulembere kalata yochenjeza.

Makinawa amathanso kugawa malikisi kwa madalaivala, potengera kangati aponda buleki mwadzidzidzi, kangati akhota mothamanga, kangati anyamuka modukiza. Mabwana amaikonda ligi imeneyi. Koma amene amayenda pa tala pakati pa Dedza ndi Kanengo amakhala pamwamba mwezi uliwonse, ndipo amene amatumidwa m'misewu ya fumbi, kumene galimoto imavina m'maenje tsiku lonse, amakhala pansi. Buleki yadzidzidzi imene yapulumutsa mwana wothamangira mpira imadula malikisi ofanana ndi ya munthu amene amacheza pa WhatsApp akuyendetsa. Ine ligiyi ndimangoyerekeza nayo anthu oyenda njira imodzi, apo ayi ndimaisiya.

Tsopano tsamba lija losatsegulidwa. Tracker imalemba nthawi imene injini yalizidwa ndi imene yazimitsidwa, tsiku lililonse, osaphonya. Nyengo yogula soya si zachilendo kuona lole italira 4 koloko m'mbandakucha, kukuzizira mmene kumazizirira pa Dedza, n'kudzazima 10 koloko usiku, mawa lake chimodzimodzi, mpaka Lamlungu. Lamulo la ntchito la mu 2000, Employment Act, limati maola ogwira ntchito pa sabata asapitirire 48, ndipo opitirira pamenepo ndi ovataimu yolipiridwa mwapadera. Kale olemba ntchito ankati maola a dalaivala sawerengeka chifukwa palibe amene amamuona panjira. Chabwino, pano akuoneka. Mboni imene timaikhulupirira ikanena kuti munthu waba malita 40 ndi yomweyo imene ikunena kuti wagwira maola 70 sabata imodzi. Sitingaiyese yoona Lolemba n'kuiyesa yabodza pa tsiku la malipiro. Tsamba lomwelo limaonetsanso munthu amene wagona maola anayi okha akunyamuka ndi matani a katundu kukatsika zitunda, ndipo ngozi ikachitika timathamangira kuona liwiro lake pa mphindi yomaliza, osafunsa amene anamulembera maulendo a sabata yonseyo. Amene amalemba maulendowo pa makampani ambiri ndi anthu ngati ine, pouzidwa ndi a pamwamba.

Akuluakulu amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Kuba mafuta n'kuba, sindikukometsera. Koma pa kampani imene alawansi ya ulendo imatuluka dalaivala atabwerako kale, ndiye kuti usiku wa ku Blantyre wagona m'kabini ndi njala kapena wadyera m'thanki. Madalaivala a mathiraki atanyanyala ntchito mu 2021, nkhani yaikulu inali ya malipiro, ndipo dziko lonse linamva kuwawa kwake pa filing'i. Ndamvapo anzanga a ntchito ngati yangayi akudabwa kuti chiikireni ma tracker, madalaivala abwino akuchoka mmodzimmodzi. Palibe chodabwitsa. Kapaipi kanali kakukwaniritsa malipiro amene kampani siinkapereka, ndipo atakatseka sanaikepo kanthu. Ndalama imene yapulumuka pa dizilo, kagawo kake kakanabwerera ku alawansi yoperekedwa ulendo usanayambe, bwenzi anthuwo alipo.

Mboniyi imapulumutsanso. Munthu wina anaimbapo pa nambala yolembedwa pa chitseko cha lole, kunena kuti galimoto yathu yagunda ng'ombe yake cha ku Linthipe n'kuthawa, ndipo akufuna chipukuta misozi. Dalaivala akanakhala ndi pakamwa pake pokha, bwenzi atadulidwa malipiro. Mapu anaonetsa kuti pa ola limenelo lole inali pa sikelo ku Kanengo, ndipo risiti ya pa tollgate ya Kalinyeke inagwirizana nawo pa nthawi imene inadutsa pobwerera. Kuyambira pamenepo dalaivala ameneyo amabwera yekha kudzafunsa pepala lake. N'chifukwa chake ndimati aliyense azitha kuona zimene zalembedwa za iye. Gawo 57 la lamulo la ntchito lija limati munthu asachotsedwe ntchito pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mwayi woyankhapo. Kumupatsa munthu kalata n'kumuuza kuti "kompyuta yanena" si kumumva ayi, ndipo nkhani yotere ikafika ku Industrial Relations Court, khoti loona milandu ya pa ntchito, ndi wolemba ntchito amene amayenera kusonyeza chifukwa chomveka.

Kadontho sikaweruka. Dalaivala amene amagona ndi pikapu kunyumba, kapena amene ali pa ulendo wa masiku, amatsatidwa usiku wonse: kumene wadya, kumene wagona, tchalitchi kapena mzikiti umene wapita, chipatala chimene amaimapo kamodzi pa mwezi. Zimenezi ine ndimaziona, koma si zanga. Madzulo ena anaimba mayi wina, mawu ake aulemu kwambiri. "Achemwali, pepani kukuvutitsani. Tangondionerani pa makina anuwo, bambo a kunyumba kuno agona kuti lero?" Ndinawayankha kuti galimoto yafika bwino, koma zoti ili pati ndilibe chilolezo chonena. Anadandaula kuti ndine mkazi mnzawo, ndikanayenera kumvetsa. Ndinamvetsa ndithu. Koma ndikangoyamba, mawa aimba angongole, mkuja aimba ena ofuna kudziwa pamene lole ya feteleza yagona.

Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa munthu wosunga chinsinsi, ndipo kuyambira 2024 tili ndi Data Protection Act, imene woiyang'anira ndi MACRA, bungwe loona za matelefoni ndi mawailesi. Mfundo zake pa nkhani ngati iyi n'zosavuta: munthu adziwe kuti zake zikutoleredwa, adziwe chifukwa, ndipo zisagwire ntchito ina yosiyana ndi imene inanenedwa. Kuika tracker mobisa kuti "timugwire" ndi nzeru yoipa ngakhale pa bizinesi, chifukwa yodziwika imaletsa kuba kusanachitike, pamene yobisa imangokuuza dizilo atapita kale. Pasiwedi nayo isamayende m'manja mwa alamu ndi aphwawo a bwana. Ogulitsa ena amanyadira kuti kabokosi kawo kali ndi maikolofoni, ungaimbe n'kumamva zokambidwa m'kabini. Zimenezo ndinazikana, ndipo mwamwayi anandimvera. Palibe lita imodzi ya dizilo imene ungapulumutse pomvetsera munthu akukamba ndi mkazi wake pa foni.

Chinanso chimene amanyadira ndi kuzimitsa injini uli kutali, ndi uthenga wa pa foni. Galimoto ikabedwa n'chothandiza kwambiri, makamaka kuno kumene malire ali pakhomo ndipo yobedwa imatha kuwoloka ola lisanathe. Koma batani limeneli lisakhale pa foni ya munthu wopsa mtima msanga. Lole yodzaza ikazima injini potsika Khwekhwelere, chiwongolero chimauma ndipo mpweya wa mabuleki suwonjezerekanso. Musanalipire, funsani ngati makinawo amadikira kuti galimoto iime kapena ichepetse liwiro asanadule mafuta. Abwino amatero. Za madalaivala othothola waya kapena fyuzi sinditayirapo nthawi, chifukwa kabokosi kali ndi batire lakelake ndipo kamanena nthawi yomweyo kuti magetsi adulidwa.

Zimene timachita pano n'zazing'ono. Lolemba m'mawa ndimasindikiza pepala la galimoto iliyonse lokhala ndi zonse: makilomita, mafuta, liwiro, malo oima, komanso maola. Dalaivala amaliwerenga kaye lisanapite kwa bwana, ndipo kumanja kuli mpata woti alembe mawu ake. Ena amalemba ndime yathunthu, ena amangoti "mzere" kapena "maliro". Za ovataimu tikukanganabe. Eni kampani akuti phindu la soya n'lochepa, zimene n'zoona, madalaivala akuti maolawo ndi awo, zimenenso n'zoona, ndipo pakadali pano tangofika poti wofika usiku kwambiri asanyamuke m'mbandakucha.

Pa msonkhano wathu wapitawu, bambo achikulire aja anaimika dzanja, chipewa chili pa bondo. Anati iwo tracker aizolowera, alibe nayo mlandu. Amangofuna kudziwa chifukwa chake double cab ya amanijala, imene imamwa dizilo wa kampani yomweyi n'kumaoneka Loweruka itanyamula njerwa ndi simenti, ilibe. Amanijala anaseka, nati galimoto yawo ndi ya ofesi, si ya katundu. Eni kampani sanaseke. Anandiuza kuti ndifunse mtengo, ndipo ndinafunsa. Ndi wofanana ndi wa pikapu ina iliyonse, ndipo amisiri akuti akhoza kubwera Lachinayi.